KATUMBU NDI NKHUNGU: ZOLENGEDWA ZIWIRI, NYANJA IMODZI

Mau oyamba



Abale ndi alongo, amayi ndi abambo a m'miphakati yathu ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, lero tikambirana za zolengedwa ziwiri zimene tonse timazidziwa. Choyamba ndi katumbu, kanyama kaja kamasambira pakati pa miyala ndi m'mabango. Chachiwiri ndi nkhungu. Sitikunena nkhungu ya m'mawa yophimba mapiri ai, koma tizilombo touluka tija timafuka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa.

Mwina wina afunsa kuti: kodi nkhani ya tinyama ikulowa bwanji m'maphunziro a ufulu ndi udindo wa nzika? Yankho lake ndi lakuti ndiwo zathu, fizi ya ana athu ndi chopereka chathu cha Lamulungu, zambiri zimachokera m'nyanjamu. Katumbu ndi nkhungu angatiuze za moyo wa nyanja nthawi isanathe, ngati tili ndi makutu. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tiyenda motere: tiona m'mene akatswiri amaikira zamoyo m'magulu, tiona m'mene amayezera ngati mtundu uli pangozi ya kutha, kenaka tiweruza mwachikhristu ndi kugwirizana chochita.

1. Chamoyo chilichonse chili ndi kwao

Mkhristu akabwera kudzapempha ubatizo wa mwana, timamufunsa banja lake, mphakati wake, tchalitchi lake, parishi ndi dayosizi. Tikatero sitimusokoneza ndi munthu wina ngakhale maina atafanana. Akatswiri a zamoyo amachitanso chimodzimodzi. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene buku lake loyamba pa nkhaniyi linatuluka mu 1735. Pali masitepe 7, kuyambira pa gulu lalikulu kutsikira pa laling'ono. M'chinenero chathu tingawatche motere: ufumu, chigawo, gulu, fuko, banja, mbumba ndi mtundu. Pomaliza chamoyo chimalandira maina awiri a Chilatini, la mbumba ndi la mtundu, ndipo maina amenewa ndi amodzi pa dziko lonse lapansi.

Katumbu ndi nkhungu amakumana pa sitepe yoyamba yokha: onse ali mu ufumu wa nyama, popeza si zomera. Akangochoka pamenepo, aliyense alowera njira yake.

2. Kwao kwa katumbu

Katumbu ali m'chigawo cha nyama zokhala ndi msana, pamodzi ndi nsomba, mbalame ndi ife anthu. Gulu lake ndi la nyama zoyamwitsa: ali ndi ubweya, magazi ake ndi ofunda, amabereka ana amoyo ndi kuwayamwitsa. Ngakhale amakhalitsa m'madzi, iye si nsomba. Amapuma mpweya ndi mapapo monga ife, ndipo akakodwa pansi pa madzi amamira. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Fuko lake ndi la nyama zodya zinzake, m'mene mulinso galu, fisi ndi mkango. Banja lake limatchedwa Mustelidae, ndipo abale ake a m'banjamo ndi chiuli, mdani wa ming'oma ya njuchi, ndi kanyimbi wonunkha uja.

M'Malawi muli mitundu iwiri ya akatumbu. Wamkulu, Aonyx capensis, ali ndi zala zonga za munthu zimene amafufuzira nkhanu pansi pa miyala. Wamng'ono, amene tikukamba lero, ndi Hydrictis maculicollis. Iyeyu amalemera makilogalamu 3 mpaka 6, ali ndi mawanga oyera pakhosi, ndipo zala zake n'zolumikizana ngati za bakha. Chakudya chake chachikulu ndi nsomba zing'onozing'ono, komanso nkhanu ndi achule. Amasaka ndi maso, choncho amafuna madzi oyera. Amagona ndi kuberekera m'maenje a m'gombe, m'mapanga a miyala ndi m'mabango owirira. Bere lake limatenga pafupifupi miyezi 2, ndipo amabereka mwana mmodzi, awiri kapena atatu basi. Anawo amakhala ndi mai wao miyezi yambiri akuphunzira kusambira ndi kugwira nsomba.

3. Kwao kwa nkhungu

Nkhungu ilibe msana kapena fupa lililonse. Ili m'chigawo cha zamoyo za khungu lolimba ndi miyendo ya mfundomfundo, pamodzi ndi nkhanu ndi kangaude. Gulu lake ndi la tizilombo ta miyendo 6, timene thupi lake lili ndi mbali zitatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Fuko lake ndi la tizilombo ta mapiko awiri okha, lotchedwa Diptera, m'mene mulinso ntchentche ndi udzudzu. Ngumbi ndi njuchi sizili m'fuko limeneli chifukwa zili ndi mapiko anai. Banja la nkhungu ndi Chaoboridae, ndipo dzina lake ndi Chaoborus edulis. Liu lakuti edulis limatanthauza chinthu chodyedwa.

Ngakhale nkhungu ndi msuweni wa udzudzu, siiluma ndipo siifalitsa malungo. Moyo wake wambiri umathera m'madzi. Mazira amaswa timphutsi toonekera mkati ngati galasi, timene timadya tizamoyo tating'onoting'ono toyandama m'nyanja. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi ake alibe mpweya wokwanira kuti nsomba zikhalemo. Masana timphutsi tokulirapo timatsikira kufupi ndi madzi amenewo kuthawa nsomba, usiku n'kukwera kudzadya. Nthawi ikakwana timakwera pamwamba tonse pamodzi, timatuluka ndi mapiko, ndipo ndi pamene timaona mizati ya utsi ija, kawirikawiri mwezi ukakhala kumdima. Nkhungu youluka imakhala masiku owerengeka okha: imakwerana, kuikira mazira pamadzi, n'kufa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja, makamaka kumpoto kwathuku, amakola nkhungu ndi malichero kapena madengu onyowa, kuziumba timitanda ndi kuziyanika kuti zikhale ndiwo. David Livingstone analawa timitanda totere pamene anayenda pa nyanjayi mu 1861. Koma odya nkhungu kwambiri si anthu ai. Ndunduma, nkholokolo ndi mitundu ina ya utaka zimadya timphutsi take, ndipo mbalame ndi mileme zimadya zouluka. Tikamadya utaka, mbali ina tikudya nkhungu imene yasanduka nsomba.

4. Kusiyana kumene kuli ndi kanthu

Tsopano tiike awiriwa pambali ndi pambali. Katumbu ndi mmodzi mwa mitundu pafupifupi 6,500 ya nyama zoyamwitsa. Nkhungu ndi imodzi mwa mitundu pafupifupi 1,000,000 ya tizilombo ta miyendo 6 imene yapatsidwa maina. Katumbu amabereka ana osapitirira atatu ndi kuwalera nthawi yaitali. Nkhungu imaikira mazira ambiri, siilera, ndipo mibadwo yake imasinthana kangapo pa chaka chimodzi. Katumbu amakhala pa kamzere kopapatiza ka gombe, pomwe ife timamanga, timalima, timachapa ndi kutchera maukonde. Nkhungu imakhala pakati pa nyanja, kutali ndi khasu ndi nkhwangwa zathu.

Tanthauzo lake ndi ili: tikakola dengu la nkhungu, nyanja siizindikira n'komwe. Koma katumbu wamkazi mmodzi akafa pa gombe, ana ake a kuphanga amafa ndi njala, ndipo pangapite zaka malowo asanapeze katumbu wina. Choncho kuika zamoyo m'magulu si ntchito yongoloweza pokonzekera mayeso ai. Gulu la chamoyo limatiuza m'mene chimaberekera, ndipo kaberekedwe kake kamatiuza kuchuluka kwa nkhanza zimene chingapirire.

5. Makwerero a ngozi

Pali bungwe la pa dziko lonse loona za chilengedwe lotchedwa IUCN, limene linayamba mu 1948. Kuyambira mu 1964 bungweli limasunga kaundula wa zamoyo wotchedwa Red List. M'kaundulamu mtundu uliwonse umaikidwa pa malo amodzi mwa malo 9 awa:

1. Sunayesedwe.
2. Unayesedwa koma umboni ndi wochepa.
3. Palibe nkhawa kwenikweni.
4. Wayandikira ngozi.
5. Uli pangozi.
6. Uli pangozi yaikulu.
7. Watsala pang'ono kutheratu.
8. Unatha kutchire, watsala m'manja mwa osunga okha.
9. Unatheratu.

Poyeza, akatswiri amaona kuchuluka kwa nyamazo, kukula kwa dera limene zikupezeka, ndi liwiro limene zikuchepera. Mwachitsanzo, mtundu ukachepa ndi magawo 30 pa 100 alionse m'zaka 10 kapena m'mibadwo yake itatu, ukhoza kuikidwa pa nambala 5.

Katumbu wa mawanga anaikidwa pa nambala 4 mu 2015, ndipo mnzake wamkulu uja anaikidwanso pomwepo. Kale onsewa anali pa nambala 3. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa: mabango akutha, magombe akumangidwa, madzi akuda ndi dothi lokokoloka kotero kuti katumbu saona nsomba, nsomba zomwezo zikuchepa, akatumbu ena akumira m'maukonde ndi m'miono, ndipo ena akuphedwa dala chifukwa cha zikopa kapena chifukwa cha mkwiyo wa asodzi.

Nanga nkhungu? Nkhungu ili pa nambala 1: sinayesedwe. Nyama zoyamwitsa pafupifupi zonse zinayesedwa, koma mwa tizilombo ta miyendo 6 timene tinayesedwa ndi pafupifupi kamodzi pa 100 alionse. Tisasokoneze nambala 1 ndi nambala 3. Munthu amene sanapite ku sikelo sanganene kuti adokotala amupeza wabwino. Lero nkhungu ndi zochuluka, ndipo tikuthokoza Mulungu. Koma moyo wake wagona pa tizamoyo toyandama tija, ndipo tizamoyoto timadalira ukhondo wa madzi ndi mphepo ya mwera imene imavundula nyanja ndi kukweza chonde cha pansi. Zimenezi zikasintha, nkhungu idzasintha, ndipo nsomba zodya nkhungu zidzatsatira.

6. Phunziro la chambo

Kuti timvetse kuti makwererowa si nthano, tikumbukire chambo. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbuka chambo chikudyedwa m'nyumba za anthu wamba. Panalibe amene ankaganiza kuti nsomba yochuluka chotero ingasowe. Mu 2018 akatswiri atayeza mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja yathu anapeza kuti mitundu 9 pa 100 iliyonse ili pangozi ya kutha, ndipo mitundu itatu ya chambo inaikidwa pa nambala 7. Chambo sichinafike pamenepo tsiku limodzi. Chinatsika pang'onopang'ono ife tikuona, tikukokera makoka m'malo oswanirana ndi kugwira kasawala ndi maukonde a maso ang'onoang'ono.

Katumbu lero ali pa nambala 4. Apa ndi pamene kuchitapo kanthu n'kosavuta ndiponso kosadula. Madzi akatayika saoleka.

7. Dandaulo la msodzi

Tisanamizane, abale. Ambiri mwa ife ndi asodzi, ndipo tikudziwa chimene katumbu amachita. Munthu watchera matchera madzulo, ukonde wake wogula ndi ngongole, m'mawa apeza mitu yokha ya nsomba ndi ukonde wobooka. Mkwiyo wake ndi womveka, ndipo sitikumuweruza.

Koma tifunse moona mtima: kodi amene anatha nsomba m'nyanja muno ndi katumbu? Katumbu wakhala pa magombe ano kuyambira makolo athu asanafike, ndipo nsomba zinali zosefukira. Kanyama ka makilogalamu 5 kamadya zokwana mimba yake ya tsiku limenelo. Masikito imodzi yosokedwa kukhala khoka imasesa m'mawa umodzi tiana ta nsomba tosawerengeka. Nsomba zikachepa, katumbu wanjala amatsata ukonde chifukwa ndi pomwe patsala chakudya. Kuba kwake ndi chizindikiro cha matenda a nyanja. Kumupha kuli ngati kuswa belu chifukwa lalira maliro.

Ndiponso zonse zimene katumbu amafuna, msodzi amazifunanso. Mabango amene iye amabisalamo ndi omwe tiana ta chambo timakuliramo. Madzi oyera amene iye amaonera nsomba ndi omwe amalola dzuwa kumeretsa ndere pa miyala, chakudya cha mbuna ndi nsomba zina. Nthawi ya dzinja taimani pa mathiriro a Linthipe muone madzi ofiira akulowa m'nyanja kulunjika ku zilumba za Maleri. Dothi limenelo ndi minda ya anthu ndi mapiri ometedwa. Mlimi wataya chonde, msodzi wataya nsomba, katumbu wataya maso.

8. Chikhulupiriro chathu chikuti chiyani?

M'buku la Genesis, mutu 2, timamva kuti Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusamala, ndipo anamubweretsera nyama kuti azitche maina. Kutcha dzina ndi chiyambi cha udindo, pakuti chimene wachitcha dzina sungachitaye ngati chinyalala. Pa mutu 9, chipangano cha pambuyo pa chigumula Mulungu sanachite ndi Nowa yekha, koma ndi zamoyo zonse.

Mpingo wapitiriza chiphunzitso chimenechi. Mu 1979 Papa John Paul II anasankha Francis Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe, ndipo mu uthenga wake wa tsiku la mtendere la 1990 anaphunzitsa kuti kuononga chilengedwe ndi nkhani ya chikumbumtima. Mu 2015 Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', m'mene anatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu ngakhale chitapanda kutipindulira, ndi kuti tizamoyo ting'onoting'ono timene sitiwerengedwa ndi timene timagwiriziza chilengedwe chonse. Apa katumbu ndi nkhungu onse alowa: wina sitimupeza phindu, ina sitiiwerengera.

9. Malamulo a dziko akuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994, pa gawo 13, amalamula boma kusamala chilengedwe, kusunga mitundu yosiyanasiyana ya zamoyo, ndi kulemekeza ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo la za usodzi la 1997 limapereka mwai woti anthu a m'midzi atenge nao mbali poyang'anira nsomba, ndipo ndi chifukwa chake tili ndi makomiti a pa gombe. Lamulo la nyama za kutchire la 1992 linakonzedwanso mu 2017, ndipo zilango zake zinakwera kufika pa zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawazindikira mu 1984. Kusaka nyama pa zilumbazi ndi mlandu.

Sitikusowa chitsanzo cha kwathu konkuno. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka, utaka umaswana, ndipo potsegulira aliyense amaona phindu la kudikira. Anthu a Mbenji sanadikire kuti wina wa kunja adzawauze. Ngati zinatheka kumeneko, zingatheke pa gombe lathu.

10. Tichitepo chiyani?

Choyamba, tisiye kupha katumbu. Tikamupeza wamoyo mu ukonde kapena m'mono, timumasule mosamala, pakuti amaluma. Ana athu tiwaletse kumusaka ndi agalu.

Chachiwiri, titchere matchera kutali ndi miyala ndi mabango kumene tikudziwa kuti akatumbu amakhala, ndipo tisasiye ukonde m'madzi nthawi yaitali. Maukonde otha ntchito tiwatulutse m'nyanja, chifukwa amapitiriza kupha ngakhale mwini wake anawaiwala.

Chachitatu, mudzi uliwonse, mogwirizana ndi mfumu ndi komiti ya pa gombe, upatule chigawo cha mabango chimene sichidzadulidwa kapena kutenthedwa.

Chachinai, masikito ndi yogonamo, si yophera nsomba. Tilemekeze nyengo yotseka usodzi, ndipo mkhristu asagule kasawala ngakhale atatsika mtengo.

Chachisanu, tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Tibzale mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva kuti dothi likhale m'munda. Mabotolo a mankhwala a mbeu ndi mipope yopoperera tisatsukire mu mtsinje kapena m'nyanja.

Chachisanu ndi chimodzi, tiyambe kuwerenga tokha. Mphakati uliwonse ukhale ndi kope limodzi. Tilembemo tsiku ndi malo amene taona katumbu, ndi tsiku limene nkhungu zafuka. Ana a sukulu angathandize kulemba. Patapita zaka zingapo kope limeneli lidzatiuza ngati zinthu zikukwera kapena zikutsika, ndipo tidzakhala ndi umboni popita kwa alangizi a za usodzi, kwa khansala kapena kwa phungu wathu. Nzika yokhala ndi umboni imamveka kuposa nzika yongodandaula.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi ndi liti pamene munaona katumbu komaliza pa gombe lanu? Nanga agogo a m'mudzi mwanu akuti kale zinali bwanji?
2. Kodi mabango a pa gombe lanu achuluka kapena achepa m'zaka 10 zapitazi? Anawadula ndani, ndipo chifukwa chiyani?
3. Kodi msodzi amene katumbu wamuonongera ukonde tingamuthandize bwanji kuti asabwezere ndi kupha?
4. Kodi komiti ya pa gombe lanu inasankhidwa ndi anthu? Muli amai angati? Imapereka lipoti kwa yani?
5. Mwa mfundo zisanu ndi imodzi zija, ndi iti imene mphakati wanu uyambe mwezi uno?

Mau otsiriza

Abale ndi alongo, taona kuti katumbu ndi nyama yoyamwitsa yobereka pang'ono, imene yayandikira ngozi. Taonanso kuti nkhungu ndi kachilombo kobereka kwambiri, kamene sikanayesedwe koma kamadyetsa nsomba zathu. Wina amakhala kumtunda kwa mndandanda wa zodyana, ina ili kufupi ndi tsinde lake, ndipo nsomba zimene ife timadalira zili pakati pao. Tisadikire kuti katumbu afike pamene pafika chambo. M'mera mpoyamba.

Tipemphere: Atate, Mwini nyanja ndi zonse za m'menemo, tipatseni maso oona zolengedwa zanu zazing'ono, ndi mtima wodziwa kunena kuti zakwana. Tithandizeni kusiyira adzukulu athu nyanja yamoyo. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.